Digiri ya Masewero ndi Bwalo la Mganda

Masiku ano ana athu ena akamaliza kalasi 12 ku Metangula kapena ku Lichinga akumanena kuti akufuna kukaphunzira za masewero ku yunivesite. Sukulu zake zilipo ndithu. Ku Maputo kuli Escola de Comunicação e Artes ya Universidade Eduardo Mondlane, ndipo tsidya la nyanja kuli University of Malawi ku Zomba, imene akuluakulu akuichulabe ndi dzina lakale la Chancellor College. Makolo akamva zimenezi amangoti kakasi, nafunsa kuti, kodi sewero n'kudya? Funso lawo si lopusa ai, pakuti ndalama yolipirira mwanayo ndi ya usipa ndi cinangwa. Pofuna kuwathandiza, tiyeni tiyese pa sikelo nchito ya gulu la ku yunivesite limene lacita zambiri m'cilankhulo cathu, ndilo Travelling Theatre ya ku Chancellor College.

Gululi linayamba mu 1970. Kwa zaka ngati khumi linkayendayenda m'sukulu za sekondale ndi masewero a Cingerezi. Ophunzira anazolowera kuyankhula bwino pamaso pa anthu, koma mayi wa kumudzi sanali kuwerengedwa. Zinthu zinatembenuka mu 1981 pamene aphunzitsi Christopher Kamlongera ndi David Kerr anatenga ophunzira awo kupita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba. Kumeneko anayamba ndi kumvetsera madandaulo a eni mudzi, ndipo pambuyo pake anaumba masewero m'cilankhulo cimene anthuwo amamva, osaloweza za m'buku. Kuyambira 1985 anacita cimodzimodzi m'dera la Liwonde, monga ku Mwima, pa nkhani za zitsime ndi umoyo. Luso lake linali lotere: nkhani ikafika pa mfundo yovuta kumasula, wosewera amatembenukira kwa oonerera nawafunsa kuti nanga ticite ciyani. Pamenepo amfumu ayankha, mayi wina awatsutsa, ndipo mlandu wa citsime ca m'sewero usanduka mlandu wa citsime ceniceni ca mudziwo.

Apa ine ndiwayamika popanda kukayika. Ife a ku Msumba tiyenera kuimvetsa njira imeneyi kuposa ena, cifukwa sitima ya Chauncy Maples itayamba kuyenda mu 1901 inkanyamula ansembe, aphunzitsi ndi ophunzira kuwapititsa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Sukulu ndiyo inkatsata anthu. Ndiponso ndi njira ya mneneri Natani, amene anasimbira Davide nkhani ya kamwana ka nkhosa, namuleka kuti aweruze yekha asanadziwe kuti akudziweruza.

Koma cikomekome ca nkuyu, mkati muli nyerere. Nchito ya ku Liwonde inkayenda ndi thandizo la bungwe la ku Germany la GTZ, ndipo wopereka ndalama ndiye amayamba kusankha mutu wa nkhani. M'manja mwa akatswiri aja colakwikaci sicinaoneke kwambiri. Cinadzaonekera mwa otsanzira. Cithere nkhondo mu 1992 taona masewero ambirimbiri a mabungwe kuno kwathu, a kolera, a Edzi, a masikito, ndipo onse anabadwa kwa mayi mmodzi. Muli citsiru cokana kukumba cimbudzi, muli wanzeru wovala malaya oyera, ndipo wanzeruyo alakwa liti? Ine ndine mlaliki, ulaliki ndimaudziwa ngakhale utavala nsanza ndi ndevu za sisala. Anthu amaseka cidakwa cija mpaka misozi, koma phunziro likangoyamba azimayi amanyamula ana kukaona mphika. Funso limafunsidwabe, eti, koma yankho lake linalembedwa kale ku ofesi. Cina codandaulitsa n'cakuti buku la a Kamlongera lofotokoza nchito imeneyi linatuluka mu 1989 m'Cingerezi, ku Bonn. Nzeru inatengedwa kumudzi, koma eni mudzi sangathe kuiwerenga.

Nanga za kudya? Wosewera wa mtundu umenewu amadya pulojekiti ikakhalapo, ikatha basi wagwira njakata. Amene anakhaladi ndi moyo ndi masewero ndi aja ankadalira ndalama ya pakhomo. Du Chisiza Jr. anayambira ku mpikisano wa masewero a m'sukulu za sekondale, anakaphunzira ku America, nabwera kudzayambitsa Wakhumbata mu 1987, ndipo anaigwira mpaka imfa yake mu 1999. Masewero ake ambiri anali a Cingerezi, a anthu a m'tauni. A Kwathu Drama Group, pamodzi ndi Izeki ndi Jakobo, anadzaza maholo ndi Cicewa, ndipo palibe ankawafunsa satifiketi pakhomo. Kuno kwathu Mutumbela Gogo ya ku Teatro Avenida inayamba mu 1986, digiri ya masewero isanabwere m'dziko muno. Mphunzitsi wamkulu wa onsewa anali munthu wolipira, amene akatopa sabweranso.

Sindikuti ana asapite. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Yunivesite ili ndi mphatso imene bwalo silingapereke: kuwerenga masewero a mitundu ina, ndi kudziwa kulemba lako kuti lisafe ndi tsiku limene laseweredwa. Ndipo kulemba ndiko tikusowa. Kuyambira 2003 boma linalola kuti ana ayambe sukulu m'cilankhulo ca makolo awo, koma mwana akadziwa kuwerenga Cinyanja, zoti awerenge n'zowerengeka. Tsono wopita ku Maputo akaphunzira zonse m'Cipwitikizi, ndiye makolo amufunse asanagulitse ukonde: iwe mwana, ukabwera udzalemba m'cilankhulo canji, ndipo adzakuonera ndani?

Akabwera asaganize kuti wapeza dziko lopanda masewero. Mganda ndi sewero lathunthu. Boma lililonse lili ndi mfumu yake ndi maudindo ake, zovala zoyera zosita bwino, masabata ambiri okonzekera, ndi ulendo wokapikisana ndi mudzi wina. Agogo athu anaona perete wa asilikari a azungu, namutenga, namusandutsa gule wawowawo. Azimayi a ciwoda nawo amadzudzula mwamuna waulesi m'nyimbo iye ali pomwepo, osamuchula dzina. Wa digiri ayenera kukhala pansi miyezi ingapo kwa woimba ng'oma, amufunse cifukwa cake anthu sacoka pa mganda ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Ngakhale m'chalichi nchito ikumudikira. Pa Khirisimasi paliponse acinyamata amasewera kubadwa kwa Ambuye, ndipo Herode ndiye amalanda bwalo ndi mimba ya pilo ndi ukali wake, mpaka anthu kuiwala kuti munthuyu akulamula kupha makanda. Mau ake amasintha caka ndi caka monga wamkomera wosewerayo, ndipo Yosefe kawirikawiri amangoima ndi ndodo, osapatsidwa conena.