Mbano Kapena Zikhadabo? Za Kumasulira Liu la "Pincers" m'Cinyanja

Liu la Cingerezi lakuti "pincers" limachula zinthu ziwiri: cida ca mmisiri cogwirira citsulo kapena kuzulira misomali, ndiponso ciwalo cakutsogolo ca nkhanu ndi cinkhanira. Linacokera ku mneni wa Cifalansa cakale wotanthauza kutsina. Motero cimene cagwirizanitsa cida ndi ciwalo ndi nchito yake, ndiyo kugwira cinthu pakati pa mbali ziwiri zokumana.

Pocongera zomasulira za ophunzira anga ndaona kawirikawiri kuti pofika pa nkhanu amalemba kuti "zikhadabo". Gwero la colakwaci likuoneka: Cingerezi cimachula ciwalo ca nkhanu ndi ca mphamba ndi liu limodzi lakuti "claw", ndipo wophunzira amangotola liu loyamba limene wapeza m'buku lomasulira mau. Koma m'Cinyanja cikhadabo cimamera kunsonga kwa cala, ndipo nchito yake ndi kukanda, kukala ndi kung'amba. Nyalugwe ali ndi zikhadabo, nkhuku imapalasa ndi zikhadabo. Nkhanu simakanda, imapana. Mwana amene anapisapo dzanja kuuna kwa nkhanu kudambo amadziwa kusiyana kumeneku kuposa womasulira.

Mneni -pana ndiye ayenera kutitsogolera. Kwa iye kwacokera mpani, kamtengo kong'alula kamene anyamata amapanirapo mbewa, ndi -panikiza. Pa cida ca wosula pacipala tili ndi mbano ndi mbaniro. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anagwiritsa nchito mau awiriwa: mbano pa Eksodo 25:38, pa zipangizo za coikapo nyale, ndi mbaniro pa Yesaya 6:6, pa cida cotengera khala lamoto.

Pali mfundo imodzi yofunika kusamala. M'maina a gulu la 9, p wa tsinde amasanduka mph, monga mphatso kucokera ku -patsa, pamene mb amacokera ku b, monga mbava kucokera ku -ba. Cotero sitinganene mwacangu kuti mbano linabadwa kucokera ku -pana monga mwa lamulo limeneli. Cimene tingatsimikize ndi cakuti m'makutu a eni cinenero matanthauzo ake ali pamodzi, ndipo kwa womasulira zimenezo zikwanira.

Maganizo anga ndi akuti m'mabuku a sayansi a ana a sukulu tilembe kuti "mbano za nkhanu", kapena "zopanira" kumene liu la mbano layamba kuiwalika cifukwa ca "pulayala" wa m'magalaji. Potero tikhala titakuza tanthauzo la liu lathu m'njira imene Cingerezi cinakuzira lake, kucokera ku cida kupita ku ciwalo. Tikapitiriza kulemba "zikhadabo", mwana adzaphunzira kuti ciwalo ca nkhanu ndi ca nyalugwe n'zofanana, ndipo mphunzitsi wa sayansi adzavutika kucotsa cimene ife a cinenero tinabzala.