Foni iphunzitsa kumanga chikhakha, nanga mayi adzamuuza m'chinenero chanji?

Pali maganizo amene afala pakati pa ophunzitsa madokotala a mafupa m'maiko ambiri. Akuti achinyamata a masiku ano sakhala phee kumvera mphunzitsi kwa maola awiri, ndiponso sawerenga mabuku aakulu monga ankachitira akuluakulu awo. Choncho maphunziro awatsatire kumene ali: pa foni, m'mavidiyo aafupi, m'mafunso oyankha pa intaneti. Maganizowa ali ndi nzeru zake. Wophunzira angathe kuonera kakhumi m'mene amakokera mkono wothyoka asanaumange chikhakha, pamene m'chipatala akadaona kamodzi kokha, ali kumbuyo kwa anzake. Wogwira ntchito ku chipatala chakutali angajambule chithunzi cha X-ray n'kutumiza pa WhatsApp kwa wamkulu wake mumzinda. Palibe wanzeru angakane zimenezi.

Koma poyesera maganizowa ku Kalomwe, pali chinthu chimene akusiya. Kuno ndi pamalire ndi Dedza, pamene njinga zamoto zimapita ndi kubwera zitasenza anthu ndi matumba a mbatatesi, ndipo wogwa panjinga amafika kuchipatala akulankhula Chinyanja. Womulandira anaphunzira fémur, tíbia ndi perónio m'Chipwitikizi, kapena maina a Chingerezi ngati wodwalayo wawolokera ku Dedza. Mavidiyo aja nawonso ambiri ali m'zinenero zomwezo. Wophunzirayo adzadziwa kugwira mwendo, koma pakamwa pake padzakhala patali ndi wodwala monga m'mene zinalili kale.

Kusintha maphunziro kuti agwirizane ndi malo si chinthu chachilendo m'dera lino. M'chaka cha 1984 dziko la Mozambique linayamba kuphunzitsa a técnico de cirurgia, anthu osakhala madokotala koma ochita maopaleshoni m'zipatala za m'maboma. M'chaka cha 1985 ku Malawi, dokotala Ed Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a othandiza madokotala pa matenda a mafupa, ndipo anthu amenewa ndiwo akhala akusamalira odwala mafupa ambiri m'maboma a dzikolo. Amene anakonza maphunziro awiriwa anayamba ndi funso lakuti wodwalayo ali kuti ndipo adzakumana ndi yani. Maganizo atsopanowa akuyamba ndi funso lakuti wophunzira amakonda chiyani, ndipo wodwala wasowa pa nkhaniyo.

Nkhani ya ana obadwa ndi mapazi opindikira mkati, amene m'Chipwitikizi amati pé boto, ikuonetsa bwino vutoli. Njira imene dokotala Ignacio Ponseti anakonza ku Iowa ku America ndi yosafuna zida zambiri. Phazi amaliwongola pang'onopang'ono ndi manja n'kulimanga chikhakha, sabata ndi sabata, kawirikawiri kasanu kapena kupitirirapo. Ana ambiri amawadula pang'ono mtsempha wa kuchidendene. Kenako mwana amavala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi chitsulo, maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, ndiyeno usiku wokha mpaka atakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2005 anasonyeza kuti othandiza madokotala aja amawongola mapaziwa bwino ndithu. Gawo la manja, ndiye kuti, limaphunzitsika, ndipo vidiyo ingathandize.

Gawo la zaka zinayi lija lili m'manja mwa mayi ndi agogo kunyumba. Iwo akaona kuti phazi lawongoka, mwana akulira usiku, achibale akunena kuti mukumuzunza, nsapato zija amazivula, ndipo phazi limabwerera. Zoona, ena amasiya chifukwa cha mtunda ndi ndalama za ulendo, ndipo chinenero sichingachize zimenezo. Koma mayi amene sanamve chifukwa chake chitsulocho chili chofunika alibe choyankha kwa apongozi ake.

Pano pali mawu amodzi amene aphunzitsi a zinenero ziwiri angawazindikire msanga. M'Chinyanja, mtsempha ndi veia, ndi artéria, ndi nervo, ndiponso ndi tendão. Wogwira ntchito amene angomasulira n'kunena kuti amudula mwana mtsempha, mayi amamva za magazi, ndipo sabata yotsatirayo mwina sabwera. Amene anaphunzira kuganiza m'zinenero zonse ziwiri adzafotokoza kuti ndi chingwe cholimba chija cha kumbuyo kwa chidendene, n'kumugwiritsa mayiyo chake chomwe, n'kumuuza kuti mwa khanda chimalumikizananso chokha m'masabata atatu a chikhakha chomaliza. Apa Chinyanja chili ndi mawu amodzi pamene Chipwitikizi chili ndi anayi, ndipo si bwino kubisa zimenezo pofuna kutamanda chinenero cha makolo. Koma pofotokoza ululu, wodwala amasiyanitsa kubaya, kulasa, kuwotcha, kuphwanya ndi dzanzi, ndipo womvera amene wangolemba dor wataya zambiri. Munthu womangidwa chikhakha akati zala zachita dzanzi, zatupa, ululu ukunka nukula, ndiye kuti magazi mwina sakuyenda ndipo chikhakhacho chiyenera kutsegulidwa tsiku lomwelo. Akapanda kuuzidwa zimenezi m'mawu amene akumva, adzadikira tsiku limene analembedwa pakhadi, ndipo mkono ungafe.

Wina anganene kuti wachinyamata wa ku Angónia amalankhula kale Chinyanja, safunika kuphunzitsidwa. Aphunzitsi akudziwa kuti zimenezi si zoona kwenikweni. Kulankhula chinenero pamsika n'kosiyana ndi kufotokozera nacho m'mene fupa limalumikizirana. Luso lachiwirili limayamba kusukulu ya pulayimale, kapena siliyamba n'komwe. Chigawo cha Tete chinali chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene anayeserako maphunziro a zinenero ziwiri mu PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja kuno ndi Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunzirowa analowa m'dongosolo la dziko. Ana amene anayamba kalasi yoyamba m'chaka chimenecho tsopano akuyandikira zaka 30. M'badwo watsopano umene ophunzitsa madokotala akuufunafuna pa foni uli ndi ena mwa iwowa, ndipo chimene anabwera nacho kuchokera ku pulayimale sichitchulidwa m'maganizo aja.

Chidzudzulochi chikukhudzanso kalasi ya zinenero ziwiri. Nthawi zambiri phunziro la mafupa limathera pa mndandanda: joelho bondo, costela nthiti, ombro phewa. Ana amaloweza, amakhoza, ndipo Chinyanja chimangokhala mlatho wowolokera ku Chipwitikizi. Mphunzitsi amene afuna zoposa apa angauze ana awiri kuti wina akhale wogwa mumtengo wa mapichesi, wina womuthandiza, afunsane pamene pakuwawa, asiyanitse kubinya ndi kuthyoka, amange mkono ndi timatabwa ndi nsalu, kenako afotokozere kalasi yonse m'Chipwitikizi zimene achita. Pa mawu onga mtsempha, kalasi iime, ikangane, ipeze njira zinayi zonenera. Pasukulu pamene pali foni, ana angajambule sewerolo n'kulionera okha, n'kumva pamene mawu awo anaperewera.