Maburashi a ku Mapiri a Kum'mawa

Yemwe anaimapo pamwamba pa mathithi a Mtarazi n'kuponya maso m'chigwa cha Honde m'mawa, nkhungu ikufunga minda ya tiyi, amadziwa chifukwa chake dera limeneli limabala anthu ojambula. Kubiriwira kwake sikumodzi ayi. Tiyi wongothyoledwa kumene ali ndi mtundu wake, nthochi wake, nkhalango ya m'mbali mwa phiri la Nyangani wakenso. Wojambula waulesi amangopaka wobiriwira umodzi basi, koma waluso amasakaniza penti mpaka diso lako limve chinyontho.

Tiyenera kumuvulira chipewa Thomas Mukarobgwa, mwana wa ku Nyanga, wobadwa mu 1924. Anali wolandira alendo chabe ku National Gallery ku Harare, imene inatsegulidwa mu 1957, pomwe mkulu wake Frank McEwen anamupatsa penti ndi maburashi. Mapiri a kwawo anawajambula ndi mitundu yoyaka ngati moto wa lupsa, ndipo zina mwa zithunzi zake zili ku Museum of Modern Art ku New York. Anatisiya mu 1999.

Lero khomo lili pafupi. National Gallery ili ndi nthambi ku Mutare, ndipo First Floor Gallery ku Harare yakhala ikulera achinyamata kuyambira 2009. Inu adzukulu a matchona a ku Malawi amene munakulira m'makomboni a Tanganda ku Chipinge, mapiriwo mumawadziwa kuposa mlendo aliyense. Tengani burashi, kagogodeni ku Mutare.