Edward, Kalonga wa Chisekese Chagolide

Ng'oma ilire, manja awombedwe, tikutchula mwana wa ku Hampton Court!

Edward! Wobadwa pa 12 Okutobala 1537, woliritsa mabelu ndi mizinga mu London. Chibwera-mochedwa iwe, amene bambo ako a Henry VIII anakusaka zaka 28 ali pampando. Anasiya mkazi woyamba, wachiwiri anam'dulitsa khosi, anadana ndi Papa wa ku Roma, zonsezo akufuna mwana wamwamuna wodzam'siyira ufumu. Chipukuta-misozi cha England! Mwana wa Jane Seymour, wosiyidwa ndi mayi uli ndi masiku 12 okha.

Ng'oma ilirenso, tione mmene a Hans Holbein anakujambulira pathabwa. Masaya-ofutuka! Wovala zofiira zamikono yagolide, wa chipewa cha nthenga yoyera chokhala pamwamba pa kachisoti ka ukhanda komangidwa kunsi kwa chibwano. Dzanja lamanja walitambasula monga mfumu yoti ilankhule kwa anthu ake, pomwe mkamwa mano sanakwane n'komwe. Lamanzere lagwira chisekese chagolide, ndipo wachigwira mwaufumu moti wochiona angayese ndodo yolamulira dziko. Wosamwetulira! Wosagwedezeka! Khanda la chaka chimodzi ndi miyezi iwiri limakhala phee chonchi kuti? Kunsi kwako analembako mawu a Chilatini a Richard Morison, okulamula kuti ufanane ndi bambo ako. Katundu ameneyu anakusenzetsa ukadayamwa.

Nanunso a Hans Holbein, ng'oma yanu nayi. Mwana wa ku Augsburg, katswiri wa utoto wamafuta, wodziwa chimene mfumu ikufuna kuona isananene! Munapereka chithunzichi kwa a Henry ngati mphatso ya chaka chatsopano cha 1539, iwo n'kukubwezerani chikho chasiliva chokutidwa ndi golide. Munanama mwaluso, bambo: munajambula mfumu yamawa, koma zala zonenepa zija zakuululani kuti ndi mwana.

Edward VI! Wolowa ufumu ali ndi zaka 9 mu 1547, wolamulira poyamba kudzera mwa amalume ake a Edward Seymour, wopemphereretsa anthu m'Chingerezi m'matchalitchi. Chifuwa chinakutenga ku Greenwich mu Julayi 1553 uli ndi zaka 15, usanakwatire, ndipo mpando unapita kwa alongo ako, Mary kenako Elizabeth, omwe aja bambo ako ankawayesa osakwanira.

Wofuna kumuona kalongayu apite ku National Gallery of Art ku Washington, thabwa lija lili kumeneko.