Khola la Yesu m'Nyumba ya Msodzi: Kuŵerenga Admirabile Signum kwa Kuntumanji

Pa 1 Disembala 2019, Lamulungu loyamba la Adiventi, malemu Papa Francis adapita ku Greccio, kamudzi ka m'mapiri m'dziko la Italy, ndipo kumeneko adasaina kalata yautumwi yotchedwa Admirabile Signum. Ndi kalata yaifupi, ya ndime khumi zokha, ndipo nkhani yake ndi imodzi: khola la Yesu limene akhristu amakonza pa nyengo ya Khrisimasi. Ena mwa ife ansembe angaiyese kalata ya ana, yosayenera kuitayira nthaŵi m'seminale. Koma funso limene ikudzutsa ndi lalikulu: kodi mwana wa zaka zinayi amayamba kumdziŵa Mulungu kuti, ndipo amamva kwa yani? M'nkhani ino tiyesa kalatayi poiŵerengera m'dera la Mfumu Kuntumanji, m'boma la Zomba, kuzambwe kwa Nyanja ya Chilwa, kuti tiwone pamene ikutithandiza ndi pamene ikupereŵera.

Zimene kalatayi ikunena

Papa akuyamba ndi Luka 2:7, pamene timamva kuti Maria adagoneka mwana wake modyera ziŵeto. Kenaka akusimba za Francis Woyera wa ku Assisi, amene m'chaka cha 1223, kutatsala masiku 15 kuti Khrisimasi ifike, adapempha munthu wina wa ku Greccio, dzina lake John, kuti amkonzere malo m'phanga, poti ankafuna kuwona ndi maso ake umphaŵi umene Ambuye adabadwiramo. Pambuyo pake kalatayi ikumasulira chimodzichimodzi zimene zimaikidwa m'khola: mdima wa usiku ndi nyenyezi, mabwinja a nyumba zakugwa, abusa ndi nkhosa zao, amphaŵi opemphapempha, Maria ndi Yosefe, Mwanayo, ndiponso anzeru akum'maŵa aja. Potsiriza Papa akukumbutsa aŵerengi za ubwana wao, pamene makolo ndi agogo ankaŵapatsira chikhulupiriro pafupi ndi khola, ndipo kumayambiriro kwa kalatayi adapempha kale kuti kumene mwambowu udazilala udzutsidwenso.

Mphamvu yake

Chinthu chofunika koposa m'kalatayi chili m'ndime yachiŵiri. Potsata mbiri imene adalemba Thomas wa ku Celano, Papa akunena poyera kuti ku Greccio kunalibe zifaniziro ai. Kunali udzu, ng'ombe, bulu ndi anthu a m'mudzimo amene adabwera ndi miuni, ndipo wansembe adapereka Nsembe ya Misa pamwamba pa modyera ziŵetomo. Ndiye kuti khola loyamba lidapangidwa ndi zinthu zimene mlimi aliyense anali nazo kuseri kwa nyumba yake. Mfundo imeneyi ikugwetsa maganizo amene adamera m'mitima ya akhristu ambiri, akuti khola lenileni ndi la zifaniziro zopakidwa utoto zochokera ku Ulaya, zimene zimatulutsidwa m'bokosi ku sakristiya kamodzi pa chaka, ana naaletsedwa kuzikhudza.

Mphamvu yachiŵiri ndi yakuti Papa akuvomereza chizoloŵezi cha ana choika m'khola anthu amene Uthenga Wabwino suŵatchula, monga wosula zitsulo, wophika buledi, oimba, amai osenza mitsuko ya madzi ndi ana oseŵera. Iye sakuwona chibwana pamenepa, koma chiphunzitso chozama: popeza Mwana wa Mulungu adasanduka munthu, palibe ntchito yoyenera imene ili kutali ndi Iye. Kwa Kuntumanji mau ameneŵa akutanthauza kuti msodzi ndi bwato lake, mai woyanika matemba, mlimi wookera mpunga m'matope ndi mnyamata wa kabaza, onse ali ndi malo pambali pa abusa a ku Betelehemu. Ngakhale mabwinja aja safuna kumasulira kwambiri pakati pa anthu amene adaona nyumba zikugwa m'boma la Zomba ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Pamene ikupereŵera

Komabe kalatayi idalembedwa ndi munthu wokulira m'banja la Ataliyana ku Argentina, ndipo ikulankhula ndi anthu amene khola la m'nyumba adalilandira kwa makolo ao. Ichi ndicho chopereŵera choyamba. Papa akuti tidzutse mwambo wozilala. Koma m'midzi yathu yambiri mwambo wa khola la m'nyumba sudakhazikikepo nkale lomwe. Amishoni a Montfort adafika ku Nzama m'chaka cha 1901, ndipo Zomba idakhala Vikariyeti payokha mu 1952, nisanduka Dayosizi mu 1959. M'mibadwo yoŵerengekayi khola lakhala chinthu cha m'tchalitchi. Mwana amene kwao nkutali ndi parishi, pa nyengo imene mitsinje yadzaza ndipo misewu yaterera, angathe kukula osaliwona bwino ngakhale kamodzi. Ntchito yathu tsono si kudzutsa chogona, koma kubzala chatsopano, ndipo wobzala amayamba wayang'ana nthaka.

Chachiŵiri, kalatayi ikuganizira banja losonkhana pamodzi madzulo m'nyumba imodzi. Maganizo omweŵa tikuŵapeza m'kalata ya Papa John Paul II, Familiaris Consortio ya 1981, imene m'ndime 59 ikufotokoza pemphero la m'banja ngati la mwamuna ndi mkazi pamodzi, makolo ndi ana pamodzi. Chiphunzitsocho nchoona, ndipo sitikuchitsutsa. Koma tiyang'ane m'mbali mwa Chilwa. Asodzi ambiri amakhala milungu ngakhale miyezi pa nyanja, m'timisasa toyandama totchedwa zimbowera. Mu Disembala makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Ena amabwerera kumudzi chimanjamanja, ena amatsalira komweko ndi mbedza ndi miono. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, niphwanso mbali yaikulu mu 2018. Nthaŵi zotere amuna amabalalika kukafuna nsomba ku nyanja zina kapena ganyu m'matauni, ena mpaka ku Joni. Pamwamba pa izi, Anyanja, Ayao ndi Alomwe a m'derali amatsata chikamwini: ana ndi a mbumba ya mai, ndipo amene sachoka pamudzi ndi mai, agogo aakazi ndi abale a kuchikazi. Ulaliki wongotamanda banja la bambo, mai ndi ana ogwada pamodzi ungachititse mai wolera yekha ana kudziyesa wopereŵera pamaso pa Mulungu, chonsecho ndiye akusunga chikhulupiriro m'nyumbamo. Familiaris Consortio yomweyo, m'ndime 77, ikutchula mabanja a anthu okhalitsa kutali ndi kwao, monga amalinyero, kuti akufunika chisamaliro chapadera. Ndimeyi timaiŵerenga kamodzikamodzi, pamene kwa Kuntumanji ikunena za nyumba zambirimbiri.

Chachitatu, Admirabile Signum sikunenapo kanthu za banja la zipembedzo zosiyana. M'dera lino Asilamu ndi ambiri, ndipo si chachilendo kupeza mwana wobatizidwa amene agogo ake kapena malume ake amapita ku mzikiti. Alipo ndithu ndi akhristu a mipingo ina amene amakayikira zifaniziro. Ophunzira zaunsembe amadziŵa yankho la Msonkhano wachiŵiri wa ku Nicaea wa chaka cha 787, lakuti ulemu woperekedwa kwa chifaniziro umapita kwa mwini wake wofaniziridwayo. Koma mai wa kumudzi, akafunsidwa ndi mbale wake ngati wayamba kupembedza mafano, safuna chaka cha msonkhano. Akufuna mau osavuta, akuti ichi ndi chokumbutsira ana nkhani ya kubadwa kwa Yesu, monga chithunzi cha bambo chimaŵakumbutsa bambo. Tisaiŵalenso kuti Asilamu amalemekeza Yesu ngati mneneri, ndipo Sura 19 ya Korani imatchedwa ndi dzina la Maria. Khola la m'nyumba lisakhale mbendera ya mkangano pakati pa abale odyera mbale imodzi.

Chachinai, ndipo ichi nchachikulu, kalatayi ikunena zambiri za kuyang'ana ndi kusinkhasinkha, koma siikunena za pemphero la masiku onse limene khola liyenera kutsamirapo. Khola limakhala milungu itatu kapena inai. Mwana amagona usiku uliwonse chaka chonse. M'nyumba imene mulibe pemphero la madzulo, khola lidzangokhala chidole.

Pemphero la madzulo ndi khola ladongo

Makolo athu anali nayo kale sukulu ya madzulo. Nsima itadyedwa, ana ankakhala pamphasa, agogo nayamba nthano, ana nkumavomera pamodzi mpaka wamng'ono atagona pamwendo. Nthano sinkakambidwa masana, ndipo sinkakambidwa ndi munthu mmodzi ena ali chete. Inali ya kuyambitsa ndi kuvomera. Apa ndi pamene pemphero la ana liyenera kuloŵera. Kuuza mai wotopa ndi kumunda kuti atsogolere mwana wa zaka zitatu m'magawo asanu a Korona ndiko kumsenzetsa katundu amene adzamtula pa tsiku lachitatu. Chimene angathe kusunga chaka chonse ndi chachifupi: chizindikiro cha mtanda, kachigawo kamodzi ka mbiri ya Yesu kosimbidwa pakamwa monga nthano, ana akuvomera, kenaka kutchula maina a onse amene palibe, Atate Athu ndi Tikuoneni Maria, ndipo potsiriza kholo kulemba kamtanda pamphumi pa mwana aliyense. Zonsezi sizifuna buku, palafini ngakhale kudziŵa kuŵerenga. Kumene kuli mwana wa sukulu ndi Buku Loyera, limene lidatuluka mu 1998, iyeyo aŵerenge mavesi aŵiri kapena atatu, agogo namasulira.

M'pemphero lotere khola limadza lokha. Ana a kumudzi amadziŵa kuumba ng'ombe zadongo popanda woŵaphunzitsa, ndipo dongo, bango ndi udzu sizisoŵa m'madambo a Chilwa. Pa masiku asanu ndi anai a novena, kuyambira pa 16 Disembala, banja lingaumbe chinthu chimodzi tsiku lililonse ndi kumva nkhani yake madzulo: lero ng'ombe, maŵa mbusa, mkuja Yosefe. Tsiku lina mwana aumbe bambo wake m'kabwato, amuike pafupi ndi modyera ziŵeto, ndipo banja limtchule dzina pamaso pa Mulungu. Motero bambo wosoŵa pamphasa sasoŵa m'pemphero, ndipo mwana amaphunzira kupempherera ena asanadziŵe nkomwe liu lakuti kupembedzera. Kamwanako kaikidwe usiku wa pa 24, ndi dzanja la wamng'ono pa onse. Dongo likachedwa kuuma chifukwa cha mvula, kapena ng'ombe ikathyoka mwendo, palibe chatayika. Papa mwini wake akuti kakonzedwe sikofunika kwenikweni, ndipo khola lingathe kusintha chaka ndi chaka.

Pali phindu linanso. Khrisimasi imatipeza pa nyengo yovuta: nkhokwe zayamba kupepuka, mbeu zili m'munda, ndipo mpunga umene udakololedwa pakati pa chaka ambiri adaugulitsa kale motsika mtengo. Chonsecho mwana amamva kwa anzake kuti Khrisimasi ndi mpunga wa nkhuku ndi malaya atsopano. Banja likalephera izi, mwana amaganiza kuti chikondwerero chaŵalambalala, ndipo akuluakulu ena amakabisa manyazi ao ku moŵa. Sitikunyoza mpunga ndi nkhuku. Kudyera pamodzi ndi kupatsirako mnansi mbale ndi mwambo wokoma woyenera kuusunga. Koma khola ladongo limapatsa nyumba yosaukitsitsa chinthu chakechake cha Khrisimasi chimene sitolo singagulitse.

Mau otsiriza

Msonkhano wa Vatican Wachiŵiri, mu Lumen Gentium ndime 11, udatcha banja Eklezia wa m'nyumba, ndipo udati makolo ndiwo alaliki oyamba a chikhulupiriro kwa ana ao. Aepiskopi a AMECEA, m'misonkhano yao ya 1973 ndi 1976, adatipatsa malimana kuti Mpingo ufike pakhomo pa munthu. Njira tsono ilipo. Wansembe sangaloŵe m'nyumba iliyonse dzuŵa litaloŵa, koma angathe kuphunzitsa akatekisiti ndi atsogoleri a malimana, makamaka amai ndi agogo, kasimbidwe ka nkhani za Adiventi m'chinenero chimene mwana amamva, kaya ndi Chinyanja kaya Chiyao. Achenjere kuti zisasanduke mpikisano wa khola lokongola kapena chifukwa cha chopereka china. Pa Misa ya Khrisimasi ku nthambi za parishi, ana abwere ndi zoumba zao, zidalitsidwe, abwerere nazo kwao. Ndipo inu abale a m'seminale, mukapita ku tchuthi kapena ku chaka cha utumiki, khalaniko pamphasa madzulo, mumve m'mene agogo amagwirira mitima ya ana. Luso limenelo mudzalifuna pa guwa.

Kuŵeruza kwathu nkwakuti Admirabile Signum ndi kalata yabwino, yoyenera kumasuliridwa ndi kuŵerengedwa m'malimana, koma siidziŵa nyumba ya msodzi, ndipo sitingaiimbe mlandu pa chimenecho. Zimene idasiya ndi ntchito ya Mpingo wa kuno. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana amene wagona chaka chonse ndi kamtanda ka mai wake pamphumi, naumba ndi manja ake Mwana wa ku Betelehemu, adzafika ku katekisimu akumdziŵa kale Iye amene tikufuna kumphunzitsa.