Gollum pa Makwerero: Maganizo Anga pa Buku la The Two Towers

Munthu akafika pakati pa mtsinje, kumene wachokera kumaoneka kutali ndipo tsidya nalo limakhala lisanayandikire. Umu ndimo ndidamvera powerenga The Two Towers, buku lachiwiri mwa mabuku atatu a The Lord of the Rings, limene lidatuluka m'chaka cha 1954. Mlembi wake, J.R.R. Tolkien, adalemba nkhani yonseyi ngati buku limodzi, koma osindikiza adaigawa patatu poopa kukwera mtengo. N'chifukwa chake bukuli lilibe malonje. Tikangolitsegula tikupeza Boromir akutsirizika, ndipo gulu limene lidanyamuka kukawononga mphete yoipa ija labalalika kale.

Theka loyamba ndi la nkhondo. Muli mfumu Théoden imene idafooketsedwa ndi mabodza a nduna yake, muli nkhondo ya ku Helm's Deep, muliponso ziphona zonga mitengo zimene zikukalanga Saruman chifukwa chogwetsa nkhalango. Achinyamata ambiri amakonda gawo limeneli, ndipo sindiwadzudzula. Komabe ine lidanditopetsako, pakuti mlembi akutibisira Frodo, mwini katundu wolemerayo, kufikira theka la buku litatha.

Mtima wa bukuli uli m'theka lachiwiri, mmene apaulendo atsala atatu: Frodo, mtumiki wake Sam, ndi Gollum wowatsogolera njira. Gollum adasunga mpheteyo zaka mazanamazana mpaka idamudya umunthu, kotero amatsutsana yekha ngati muli anthu awiri m'thupi limodzi. Atatuwa akudutsa m'madambo momwe nkhope za ankhondo akufa zikuonekera pansi pa madzi. Tolkien adamenya nawo nkhondo ya ku Somme mu 1916, ndipo wowerenga amamva kuti matope amenewa mlembiyo adawapondapo ndithu.

Koma chimene sichichoka m'mutu mwanga n'chaching'ono. Pa makwerero a Cirith Ungol, Gollum akubwerera kuchokera kokapangana ndi kangaude woopsa, Shelob, napeza awiriwo ali m'tulo, mutu wa Frodo uli pamiyendo ya Sam. Nkhope yake ikusintha. Akutambasula dzanja lonjenjemera nakhudza bondo la Frodo mwachikondi, ngati nkhalamba yotopa imene abale ake onse adatha. Pomwepo Sam akudzidzimuka namukalipira ngati mbala. Kulapa kuja kukuzimiririka, ndipo Gollum akuwalowetsa m'phanga la kangaude.

Kodi Sam adalakwa? Apa mpamene ndimaima nthawi zonse. Kukayikira kwake kudali koona, popeza chiwembu chidali chitakonzedwa kale. Adalankhula chifukwa chokonda mbuye wake. Chikhalirecho, mawu a munthu wokhulupirikayu ndiwo adatseka khomo limene chifundo cha Frodo chidayamba kutsegula. Pa zaka zanga za uphunzitsi ndidakalipirapo ana amene mwina adali atangotsala pang'ono kusintha, n'chifukwa chake ndime imeneyi ndimaiwerenga mosauka mtima. Tolkien mwini adalemba m'kalata mu 1963 kuti kwa iye mwina apa ndipo pomvetsa chisoni koposa m'nkhani yonse.

Mathero ake ndi ankhanza. Sam akutenga mphete poyesa Frodo wafa, kenaka akumva adani akunena kuti wangokomoka ndi ululu wa kangaude. Akuthamangira, koma chitseko chikumutsekekera pamaso. Owerenga oyamba adadikira mpaka mu Okutobala 1955 kuti amve chimene chidachitika kuseri kwa chitsekocho.