Gitala Yoleredwa ndi Ulimba

Pakati pa nyimbo zakale zimene wailesi ya MBC imazifukula m'nkhokwe zake ikafuna kukumbutsa akuluakulu masiku a unyamata wawo, ilipo ina ya gulu la Lucky Stars, lotsogozedwa ndi Boniface Ndamera, yotchedwa "Chinafuna M'bale", imene ngakhale munthu wa ku Dowa kapena ku Rumphi, wosadziwa ndi liwu lomwe la Chisena, amayamba kuyigwedezera mutu mawu asanayambike. Zaka zapita, zoyimbira zasintha, oyimba otchuka abwera ndi kuyiwalika, koma iyo sinafwifwe. Ena amati chikuyisunga ndi chifundo cha okalamba pa zinthu za m'nthawi yawo. Ine ndikukana, pakuti nyimbo zinzake zambirimbiri za m'nyengo yomweyo, zojambulidwa m'nyumba yomweyo, zinagona ndipo palibe wozidzutsa. Chinsinsi chake chili m'mamangidwe, ndipo mamangidwewo ngakwawo, ku Chigwa cha Shire.

Tiyambe tavomereza kuti anyamata a ku Chikwawa ndi ku Nsanje sanakule makutu ali otseka. Sitima ya pamtunda yochokera ku Beira, yowoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, inkalowera ku Port Herald, Nsanje wa lero, isanakwere mapiri kunka ku Limbe, ndipo pamodzi ndi katundu wina inkatula magitala, magalamafoni ndi mbale zake. Usiku wailesi inkakoka LM Radio ya ku Lourenço Marques, imene mpaka 1975 inkatsanulira dera lonse lino nyimbo za Elvis Presley, Cliff Richard ndi The Beatles. Ndipo Jim Reeves, amene anafa pa ngozi ya ndege mu 1964, anapitiriza kulira m'nyumba za aphunzitsi ndi makalaliki ngati kuti uthenga wa maliro ake sunafike. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka alendo awa kanali kakuthwadi. Mbale yaing'ono inkangolola mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono, choncho mmisiri wa nyimbo wa ku maiko a alendowo anaphunzira kumanga nyimbo ngati ulendo waufupi: ndime yoyamba, kolasi, ndime yachiwiri, kolasi, kenaka kupatukira pambali pang'ono kuti khutu lipume, n'kubwerera kukatsiriza. Ndi luso lenileni, ndipo wolinyoza sanayesepo kunena nkhani yathunthu ya chikondi m'mphindi zitatu.

Koma m'Chigwa munali kale sukulu ina, yakale kuposa njanji, imene mphunzitsi wake ndi ulimba. Amene sanauonepo adziwe kuti ndi timatabwa tosemedwa bwino, toyalidwa pamzere kuyambira tating'ono tolira mosongoka kufikira tatikulu tolira mwamanzenene, ndipo kunsi kwa kalikonse kumapachikidwa chikho choboola pambali, pobowo n'kumatapo mvema wa kangaude, kuti mawu atuluke akunjenjemera. Ulimba umodzi amaugawana amuna atatu, wina kumutu, wina pakati, wina ku mawu aakulu, pambali pali kang'oma ndi nkhocho. Aliyense wa atatuwa ali ndi kachigawo kake kakafupi kamene amakabwereza kosaleka, ndipo ukakamva pakokha ungati n'kachibwana. Koma pamene mnzake waponya dzanja m'mipata imene iye wasiya, ndi wachitatu m'mipata yotsala, pamabadwa nyimbo ina yachinayi, imene palibe dzanja limene likuyiyimba, komabe khutu lililonse pabwalopo likuyimva. Wofufuza za nyimbo Hugh Tracey anajambula nyimbo za Amang'anja a kunsi kuno mu 1958, ndipo mwana wake Andrew Tracey, polemba mu 1991 za gulu la Kambazithe Makolekole, anaonetsa poyera kuti mayimbidwe amenewa ali ndi malamulo ake okhwima, osati kungomenya matabwa monga ankaganizira ena ovala mataye. Nyimbo ya ulimba ilibe ulendo wochoka apa kukafika apo. Imazungulira, ndipo ukatswiri uli m'kusintha kakang'ono kamene woyimba amalowetsa pa kuzungulira kwachisanu kapena kwachikhumi, pamene ovina aleka kudikira chachilendo.

Tsono mnyamata wokulira pa bwalo lotere atapatsidwa gitala, sanaigwire monga anaigwirira Elvis, kukwapula nsambo zonse pamodzi kuti ziperekeze mawu. Anaigawa ngati ulimba. Chala chachikulu chinatenga ntchito ya mwamuna wa ku mawu aakulu, chala cha mkombaphala chinatenga ya wa kumutu, gitala yachiwiri kapena besi inalowa m'mipata, ndipo chisekese chinakhala pamalo pa nkhocho. Mverani bwino Lucky Stars ndipo mudzaona kuti zoyimbira siziyembekeza woyimba kuti azitsogolere. Zimayamba kuzungulira zokha, mawu n'kudzakwera pamwamba pake ndi kutsikapo, wotsogolera akuponya, anzake akuvomera, monga zimakhalira pa utse ndi njole. Ichi ndicho chifukwa chake munthu wosamva Chisena sasochera m'nyimboyi: thupi lake lalowa kale m'bwalo khutu lisanafunse tanthauzo.

Panali vuto limodzi limene oyimba amenewa analimbana nalo mwakachetechete, ndipo ndi ochepa amene amawayamikira pa ilo. Ulimba umachunidwa m'masitepe asanu ndi awiri otalikirana pafupifupi mofanana, pamene gitala ya ku sitolo inagawidwa mwa Chizungu, masitepe ena aakulu, ena aang'ono. Ziwirizi sizigwirizana kwenikweni. Woyimba wa m'Chigwa amakhala pakati, zala zikumvera gitala, pakhosi pakukumbukira ulimba, ndipo mawu ake nthawi zina amagwera pang'ono pambali pa pamene mphunzitsi wa kwaya akanafuna. Ndamvapo anthu ophunzira akunena kuti oyimba akalewa ankaphonya mang'ombe. Sankaphonya ayi, ankalunjika pena, ndipo kakuwawasa kamene kamatuluka pa kusagwirizana kumeneko ndiko kamene kamasiyanitsa nyimbo ya ku Nsanje ndi ya ku Liverpool, kwawo kwa The Beatles, ngakhale zonse zitayimbidwa pa gitala ya mtundu umodzi.

Dandaulo lina, lakuti nyimbo zotere ndi chinthu chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka potsiriza, ndilosavuta kuliyankha. The Beatles eni ake, atatopa ndi msasa wa mphindi zitatu, anatulutsa "Hey Jude" mu 1968, nyimbo yopitirira mphindi zisanu ndi ziwiri, imene chigawo chake chachikulu ndi kachidutswa kamodzi kobwerezedwa khamu likuvomera. Dziko lonse linaomba m'manja n'kuti atulukira chatsopano. Ku Tengani ndi ku Ngabu chatsopanocho chinali ndi imvi. Komabe ndisakokomeze: kubwereza kopanda mwini ndi ulesi, ndipo zilipo nyimbo za m'nthawi imeneyo zimene zimazungulira popanda kanthu kosintha, mpaka womvera amayasamula. Zimenezo zinafa, ndipo zinayenera kufa.

Kajambulidwe nako kanathandiza kusefa. Kwa zaka zambiri chiyambire 1964, pafupifupi khomo lokhalo limene woyimba wa m'dziko muno akanalowera kuti amveke linali la MBC, kaya iye akwere chitunda cha Thabwa kupita ku Blantyre, kaya ogwira ntchito a wailesiyo atsikire kumidzi ndi makina awo a tepi. Gulu lonse linkayimba nthawi imodzi. Wina akaphonya, onse ankayambiranso. Choncho nyimbo inkafika pa makina itapsa kale m'mabwalo a mowa, m'maukwati ndi pa masiku a malipiro ku minda ya nzimbe ya ku Nchalo, kumene omvera sadziwa kunyengerera woyimba wogwetsa ulesi. Si za kwathu kokha zimenezi, pakuti nyimbo zambiri za m'chimbale choyamba cha The Beatles zinajambulidwa tsiku limodzi, pa 11 February 1963, ndi anyamata amene anali ataziyimba usiku ndi usiku m'mabala. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Liverpool analemera, pamene athu ambiri anabwerera kwawo ndi dzina lokha, popeza bungwe loteteza umwini wa nyimbo, la COSOMA, linadza mochedwa mu 1992. Tikumbukirenso kuti kuyambira 1968 Chichewa ndicho chinali chiyankhulo chokha cha m'dziko muno cholankhulidwa pa wailesi, kotero kuti kwa zaka zambiri nyimbo ndiyo inali ngalawa imene Chisena chinkawolokera kufika m'makutu a mtundu wonse.

Mbadwo wotsatira unapeza dziko lina. Joseph Tembo, amene anakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo wa ku Chikwawa kuyambira 2009 ndipo anatisiya mu December 2019, anali mmisiri wa m'situdiyo, wodziwa kiyibodi ndi kompyuta, wojambula nyimbo za anzake ambiri. Ndipo mu "Dimingu" anaonetsa kuti mazunguliridwe a ulimba akhoza kulowa m'makina osataya ulemu wake, achinyamata a ku Ndirande n'kuvina Chisena osachita manyazi. Pa ichi ayenera kutamandidwa. Koma amene anamutsanzira popanda khutu lake anagwa m'mbuna imene makina amakumbira aliyense: kompyuta imabwereza kachigawo mofanana ndendende, kachikwi ngati koyamba, pamene manja a amuna atatu aja sabwereza kanthu kawiri mofanana, wina amafulumira pang'ono, wina amamubweza, ndipo moyo wa nyimbo uli m'kukokanakokana kumeneko. Kiyibodi ilibenso mvema, ndipo siingachunidwe mwa ulimba pokhapokha mwini wake atafuna kuvutika.

N'chifukwa chake ndimatchera khutu kwa Agorosso, amene anabwerera ku gitala ya bokosi ndi Chisena cha ku Nsanje, zala zake zikugawana ntchito monga ankachitira akale, ngakhale kuti msika wa masiku ano sulipira bwino kudekha kotero. Ndipo amene ali ndi situdiyo ku Nchalo kapena ku Bangula, asanagule makina ena atsopano, akanayamba waitana okhoza ulimba atatu a m'mudzi wapafupi, n'kuwaika m'chipinda chimodzi ndi woyimba gitala, kuti ayimbe onse pamodzi tepi ikuyenda, ndipo pamene aphonyetsana pang'ono asafufutepo.